Nthutumba Imodzi ya Ndaziona

Kalekale, koma osati kale loti fumbi lake linakhazikika, pa kamsika kena ka m'mbali mwa msewu panali mtsikana dzina lake Ndaziona. Ankasoka zovala pakhonde la golosale, ndipo makina akamalira, mtima wake unkapita kutali kukapeka ndagi. Singano ankaitcha mbalame ya diso limodzi yomwe imasiya mchira paliponse yadutsa. Makolo ake anamwalira iye ali wamng'ono, choncho anakulira m'manja mwa azakhali ake, a Nankhoma, mtsogoleri wa amayi kumpingo. Chinkhoswe chake ndi Kambani, mnyamata wa kabaza wa njinga yamoto, chinali pafupi, nsalu itasankhidwa kale.

M'mawa wina Kambani anafika osaliza hutala monga ankachitira masiku onse.

"Nda, tseka makinawo. Tiye kuchipatala."

"Wadwala ndani?"

Kambani anayang'ana tayala la njinga yake. "Ine. Ndikamataya madzi ndikumva moto. Ndinayenda ndi mkazi wina, Nda, ulendo uja ndinagona kuboma. Anzanga akuti ndingogula makapusozi pamsika, ndikhale chete. Koma ndikuopa kuti ndakupatsira."

Ndaziona sanalire, sanatukwane. Anangotseka makina, nakwera njinga ija.

Kuchipatalako kunali khomo lakumapeto kwa khonde, la matenda opatsirana pogonana, ndipo pakhomopo panali benchi. Pabenchi imeneyo anthu sankapatsana moni. Aliyense ankayang'ana zala zake zakumapazi. Ndaziona anadziphimba chitenje kumutu ngati wofedwa mpaka anawaitana.

Namwino anawabaya chala onse awiri, nadikira, kenako anakoka mpando.

"Kachilombo ka Edzi mulibe nonse, chindoko mulibe. Chinzonono cha bambowa n'cha jekeseni, ndipo tikubayani nonse. Koma achemwali, aliyense wolowa khomo lino tikumamuyezanso matenda a chiwindi otchedwa hepataitisi C. Bambowa alibe. Magazi anu akuonetsa kuti kachilombo ka matenda amenewa kanakulowani."

"Ine? Koma sindikumva kupweteka paliponse."

"Khalidwe lake ndi limenelo. Kamakhala zaka, kakudya chiwindi mwakachetechete ngati chiswe mumtanda wa denga. Maso akamadzachita chikasu, mimba n'kutupa, kamakhala katapita patali. Njira yake yaikulu ndi magazi: lezala kapena singano yobwerekana. Pogonana si kawirikawiri. Mankhwala ochiza alipo, koma kuno tilibe. Amafikira kuchipatala chachikulu kutauni, ndipo sapezeka nthawi zonse."

Pa mawu onsewo, Ndaziona anatolapo limodzi lokha: chiswe.

Kuyambira tsiku limenelo anayamba kuyenda pang'onopang'ono, ngati wasenza mtsuko wong'aluka. Akadzuka ankathamangira pagalasi, n'kukokera chikope pansi kuti aone ngati chikasu chafika. Ankadzisindikiza pansi pa nthiti za kumanja, akumvetsera ngati m'katimo mukumveka kutafuna. Tsiku lina singano inamubaya, kadontho ka magazi n'kugwera pa yunifolomu ya mwana wa sukulu. Anakayang'ana kadonthoko ngati njoka, natentha nsalu yonseyo kuseri kwa golosale. Ndagi imene inamubwerera sanaifunse munthu aliyense: mlendo wanga analowa osaodira, akudya osatafuna, ndipo mwini nyumba ndine ndiwo.

Tsono pageti la chipatalacho pankakhala Sungeni, wogulitsa mandasi, mnzake wa Ndaziona kuyambira akusewera masanje. Sungeni anali ndi mtima wabwino, koma pakamwa pake panalibe chitseko. Anawaona akutuluka khomo lija, ndipo Ndaziona, posowa pothawira ndi mantha ake, anamunong'oneza zonse.

"Usauze munthu, amwali."

"Ine? Ndikaulula ndife ndithu!"

Dzuwa lisanalowe, msika wonse unali utadziwa. Nkhani ija poyenda inamera nyanga. Mwamuna alibe, mkazi ali nawo, ndiye wawatenga kwa yani? Za chinzonono cha Kambani anthu anaziiwala, poti zinatha ndi jekeseni. Amayi anabwera kudzatenga nsalu zawo zisanasokedwe. Ankhoswe a kuchimuna anatumiza mawu akuti chinkhoswe chiyambe chaima. Kambani anakana kumusiya, koma abale ake anamuseka: "Wadya chiyani iwe?"

A Nankhoma atamva, anabwera kuchokera kumudzi thukuta lili kamukamu.

"Mwana wa achimwene, ndiuze zoona. Unayenda ndi ndani?"

"Palibe, azakhali. Anamwino akuti amayendanso ndi lezala."

"Lezala?" A Nankhoma anamuyandikira. Kenako anati, "Tatembenuka. Kweza bulauziyo."

Pamsana pa Ndaziona panali timizere takuda tondondozana: mphini. A Nankhoma anazisisita ndi chala.

"Chaka chimene matenda a linjirinjiri ankatola ana m'mudzi, tinaitana sing'anga kuti atitchinjirize. Tinandanda pabwalo, ana ndi akulu omwe. Lezala linali limodzi, ankangolipukuta pakansanza. Iwe unkalira, ukupalapata. Amene anakupana miyendo kuti akuteme bwino ndine."

M'mawa mwake a Nankhoma anavala bulauzi yawo yoyera ya kumpingo ndi duku loyera, nakakhala pabenchi ija, nkhope poyera. Aliyense wodutsa, iwo ankamupatsa moni momutchula dzina.

"Mwadzuka bwanji, akulu a mpingo? Eya, simukulota ayi, ndine ndithu. Ndabwera kudzayezetsa."

Anawapeza nako. Anabwerera kumudzi nayenda khomo ndi khomo, akuitana onse amene anali pamzere tsiku lija. Ena anawathamangitsa, ena anatsatira mwamantha, ndipo angapo anapezeka nako, kuphatikizapo mwana wa nkhoswe yemwe uja anaimitsa chinkhoswe. Pakamwa pa anthu panatsekeka. Koma kumpingo, mpando wa a Nankhoma anapatsa wina, ati mayi wokhala pabenchi yotere sangalangize atsikana.

Dzina la Ndaziona linayera, koma chiswe chinali chikadali m'denga.

Apa Sungeni, manyazi atamudya, anati pakamwa pomwe panawononga pakonzenso. Anayamba kufunsa aliyense wodutsa pageti: oyendetsa ambulansi, okolopa, alonda, ngakhale adokotala othamangira kunkhomaliro. Ankawapatira mandasi aulere mpaka beseni kutha popanda phindu. Anthu anayamba kumuzemba ngati wangongole. Koma tsiku lina dalaivala wina anamuponyera mawu pawindo: "Iwe wa phokoso, mankhwala ako aja afika kutauni. Akachedwa awapeza atatha."

Sungeni anasiya beseni pomwepo. Anapeza Ndaziona atadzitsekera m'nyumba masana, atafunda bulangete.

"Dzuka, tikwere basi."

"Sindipita. Akandiuza kuti ndachedwa, kuti chiwindi chinatha kale. Bola osadziwa."

"Iwe, ukufuna kufa ndisanamalize kukupepesa? Undisiyire mlandu umenewu ndekha? Dzuka, usandichititse manyazi kawiri!"

Anamukoka dzanja mpaka pasiteji, a Nankhoma akutsatira m'mbuyo. Kuchipatala chachikulu anawabweza khomo ili, kuwalozera khomo lina, kumenekonso n'kuwauza kuti abwere sabata yamawa. Ndaziona anali atatembenuka kale kuti azipita, koma Sungeni anakhala pansi pakati pa khonde n'kuyamba kufotokoza nkhani yonse mokweza, kuyambira pa lezala, mpaka namwino wamkulu anatuluka kudzaona amene akusokosayo. Anawayezanso magazi, nawaunika m'mimba. Ndaziona anatseka maso.

"Kachilombo kalimo," anatero dokotala, "koma chiwindi chikadali cholimba. Mwafika nthawi yabwino. Piritsi tsiku lililonse, osadumphitsa."

Ndipo m'mawa uliwonse, popita kugeti, Sungeni ankakuwa kuchokera kutsidya kwa msewu, msika wonse ukumva: "Nda! Wamwa?"

Inapita miyezi, chimanga chinamera, chinakula, chinauma. Atawayezanso, anapeza kuti mlendo uja wachoka, mwa Ndaziona ndi mwa azakhali ake omwe.

Ndaziona anapha nkhuku yaikazi yonona, naitana Kambani, azakhali ake ndi Sungeni. Tsono pabanja lawo panali mwambo umene malemu bambo ake anasiya: nthutumba ya nkhuku yothokozera siidulidwa, siigawidwa. Imaperekedwa yathunthu kwa munthu mmodzi amene wapulumutsa nyumba, ndipo mawu a munthu ameneyo ndiwo nyumba imatsata. Atatu onsewo ankaudziwa mwambowu. Atasamba m'manja, palibe anagwira chakudya.

Anayamba ndi Kambani, akupotokola kiyi wa njinga m'manja. "Ndinakulakwira, sindikana. Koma ndikanameza makapusozi aja mwakachetechete, bwenzi lero ukusoka, ukuseka, chiswe chikudya. Amene anakufikitsa pabenchi ija ndine. Ndipatse, tiitane ankhoswe, chinkhoswe chichitike."

A Nankhoma anasonya. "Unamufikitsa ndi uve wako, usadzitame. Ine ndinamupana miyendo chifukwa chomukonda, ndipo nditadziwa, ndinavula ulemu wanga wonse n'kumufunditsa. Popanda ine, bwenzi akuchira thupi koma akuyenda ngati galu wakuba. Mwana wa achimwene, musiye mnyamatayu, wolawa kumbali sasiya. Tiye kumudzi, ukasokere pakhonde langa."

Sungeni anaseka, koma maso ali ndi misozi. "Wina anapeza matenda, wina anapeza kumene anachokera. Zikomo kwambiri. Nanga mankhwala anapeza ndani? Ndi dzina loyera lomwelo akanakuika m'manda, amwali. Usakwatiwe msanga, usabwererenso kumudzi. Tipeze kachipinda kutauni, iwe makina, ine chiwaya."

Ndaziona anayang'ana nthutumba ija m'mbale, kanthu kakang'ono, kakuda, kolimba. Anayang'ana mwamuna amene anamupereka, koma n'kumuululira. Anayang'ana mayi amene anamulowetsera mlendo uja m'magazi, koma n'kumugulira dzina ndi dzina lawo. Anayang'ana mnzake amene anamuvula pamsika, koma n'kumukokera kumoyo. Aliyense anamubaya, aliyense anamusoka. Ndipo mantha aja, amene ankayesa kuti anatha ndi mapiritsi, anawamvanso akukwera kuchokera kumapazi, pakuti moyo umene anaubweza movutikira chotere tsopano anayenera kuuika m'manja mwa mmodzi, ndipo manja onse atatu anali atamupwetekapo.

Anatola nthutumba ija. Dzanja lake linaima m'malere, msuzi ukudontha pamphasa.

Nkhuku ili ndi miyendo iwiri ndi mapiko awiri, koma nthutumba ndi imodzi. Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, musandiyang'ane ine, yang'ananani nokhanokha: dzanja la Ndaziona litsikire kwa yani, kwa Kambani, kwa a Nankhoma, kapena kwa Sungeni?