Tsiku Limene Uvuni wa Kaliwo Unayatsa Phiri

Kalekale, phiri la Chitungwi lisanameteke mpala mbali ya kum'mawa, m'mudzi wa kunsi kwake munkakhala bambo wina wootcha makala, dzina lake Kaliwo. Anali ndi ana asanu, ndipo ntchito ina sankaidziwa. Pakati pa phirilo panali kasupe amene mudzi wonse unkamwa, koma chaka ndi chaka madzi ake ankangocheperachepera.

Chaka china alangizi a zankhalango anasankha anthu atatu a m'mudzimo n'kukawaphunzitsa kusamala zachilengedwe. Anali ongodzipereka, osalandira kanthu kupatula khasu, wenzulo ndi chipewa chobiriwira. Woyamba anali Dzinkambani, bambo wa imvi amene ankalera adzukulu atatu amasiye. Wachiwiri anali Mwatitha, mayi wa ana awiri amene mwamuna wake anapita ku Joni osabwereranso. Wachitatu anali Nankhoma, mayi wamtali wosakonda kulankhula, amene ankadalira dimba lake la tomato.

Kaliwo ankawada onse atatu. Akakumana nawo panjira ankalavulira pambali n'kunena kuti, "Mitengo anabzala ndi Mulungu. Inu mwayamba liti kukhala eni ake?"

Mvula itatha, udzu ukuyamba kuuma, Dzinkambani anayamba kulambula njira yotchinga moto kuzungulira nkhalango ya pakasupe. Anapempha amuna anzake kuti amuthandize, koma anamuseka kuti akulima msewu wa anyani. Iye analambula yekha miyezi itatu, m'lifupi mwake mapazi khumi, mpaka nthaka kuoneka mbee. Atafika pafupi ndi pamene Kaliwo ankaotchera makala, anakhotetsa njirayo kuti idutse chapomwepo, poti ankadziwa kuti moto ukadzabuka udzayambira pamenepo. Kaliwo anaganiza kuti mkuluyo akumuzonda. Tsiku lina anamulanda khasu n'kuliponya kuphompho. M'mawa mwake Dzinkambani anabwera ndi khasu la kunyumba kwake n'kupitiriza.

Mwatitha ntchito yake inali ya pakamwa. Kwa zaka ziwiri ankayenda pamjigo, kuchigayo, kusikelo ya ana ndi kutchalitchi, kuphunzitsa za mitengo, za madzi ndi za moto. Ambiri ankangomva n'kuiwala. Kaliwo sanapitepo n'kamodzi komwe, koma mkazi wake Najere ankapita. Tsiku lina Najere anafika kunyumba n'kunena kuti, "Abambo, a Mwatitha akuti moto ukakupezani paphiri musathawire kumtunda, chifukwa pokwera moto umathamanga kuposa munthu. Akuti muzidutsa cham'mbali, mupeze malo opanda udzu, mugone chafufumimba mutatseka pakamwa ndi nsalu."

"Ine ndakulira pamoto," anayankha Kaliwo. "Mayi ameneyo andiphunzitsa chiyani?"

Najere sanatsutse, koma mwamuna wake akamanyamula nkhwangwa m'mawa, ankabwereza mawu omwewo ngati akumutsazika.

Tsono linafika tsiku lina la Okutobala, dzuwa lili paliwombo. Kamvulumvulu anadutsa pa uvuni wa Kaliwo n'kusasula dothi la pamwamba. Makala amoto anaulukira mu udzu. Kaliwo anathyola nthambi zaziwisi n'kuyamba kuphwanya motowo, koma akazimitsa apa kunkayaka apo. Posakhalitsa kunsi kwake konse kunali kutafiira, njira ya kumudzi itatsekeka.

Mtima unamuuza kuti akwere kumiyala ya pamwamba. Anathamanga mapazi angapo, kenaka mawu aja anamubwerera m'mutu, m'liwu la mkazi wake. Anaima. Anatembenuka n'kuthamanga cham'mbali, moto ukumuwamba tsaya. Phazi lake linalowa pakati pa miyala iwiri, mwendo n'kuthyoka. Anakwawa ndi zigongono, osaona kumene akupita, mpaka manja ake anagwira nthaka yopanda udzu. Inali njira ya Dzinkambani. Anavula malaya, n'kutseka nawo pakamwa, n'kugona chafufumimba.

Moto unafika ukulira ngati mvula ya matalala. Unapsereza udzu wonse mpaka m'mphepete mwa njirayo, n'kulephera kuoloka. Kumtunda kuja kumene Kaliwo ankafuna kuthawira, kumene kunalibe njira yotchinga, moto unafikako m'kanthawi kochepa, ndipo sikunatsale ngakhale buluzi. Koma utsi unkamutsamwitsa Kaliwo, ndipo pambali pake mtengo wouma wa muwanga unali utayaka patsinde, ukupendekera kumene iye anagona. Anauyang'ana, anayesa kudzuka, analephera. Anayamba kutchula maina a ana ake mmodzimmodzi.

Tsiku limenelo Dzinkambani anali kumaliro kutsidya kwa mtsinje, ndipo Mwatitha anali atapita ndi mwana kuchipatala. Nankhoma ndi amene anaona utsi ali kudimba. Analiza wenzulo, anthu anathamangira kuphiri ndi nthambi, koma onse anaima kunsi. Najere ankagwira aliyense dzanja, akunena kuti, "Bambo a ana anga ali kumtundako." Amuna anayang'ana pansi. Wina anati, "Moto ndi wake womwe. Tikafere chiyani ife?"

Nankhoma anaviika chitenje chake mu ndowa ya madzi, n'kudzifunda kumutu, n'kulowa mu utsi motsata njira yolambula ija. Anamupeza Kaliwo atatsala pang'ono kukomoka. Anamugwira m'khwapa n'kuyamba kumukoka chafutambuyo. Asanapite patali muwanga uja unagwa, ndipo nthambi yake yamoto inamenya dzanja lamanzere la Nankhoma. Sanamusiye. Anamukoka ndi dzanja limodzi mpaka pakasupe, pamene amuna ena analimba mtima n'kudzawanyamula onse awiri.

Mbali ya kum'mawa kwa phiri inapsa yonse. Nkhalango ya pakasupe inapulumuka. Kaliwo anagona m'chipatala milungu isanu ndi umodzi, n'kutuluka akuyendera ndodo. Zala za Nankhoma sizinawongokenso, moti kugwira khasu kunayamba kumuvuta.

Atabwerera kumudzi, Kaliwo ankangokhala pakhonde, osafuna kuyang'ana kuphiri. Palibe anamunyoza pamaso, ndipo zimenezo zinkamupweteka kuposa mwendo. Kenaka kunabwera mlangizi wa zankhalango, mayi wachikulire wovala nsapato zokwerera phiri, n'kukhala pampando pafupi naye.

"Bambo Kaliwo, mlandu wa moto tidzakamba tsiku lina," anatero mlangiziyo. "Lero ndabwerera nkhani ina. Tapatsidwa malo amodzi a mlonda wa nkhalango ino, wolembedwa ntchito, wa malipiro pamwezi. Tikufuna apite kwa amene anapulumutsa moyo wanu. Ife takambirana, talephera kugwirizana. Inu ndi amene munali m'motomo. Tchulani dzina limodzi."

Kaliwo anapempha masiku atatu. Anatenga ndodo yake n'kuyamba kuyendera anthu atatu aja amene kale ankawalavulira.

Anapeza Dzinkambani akuthirira mbande za mitengo kunazale. Mkuluyo anamvetsera nkhani ya ntchitoyo, kenaka anati, "Sindikunamizani, achimwene. Njira ija ndinalambulira kasupe, osati inu. Koma thukuta langa la miyezi itatu ndi limene munagonapo. Ntchitoyo ndikuifuna, adzukulu angawa akukula."

Anapeza Mwatitha pamjigo. Mayiyo anatula ndowa n'kunena kuti, "Bambo, mukanakwera kumtunda, a Nankhoma akanakatola mafupa, ndipo njira ya a Dzinkambani simukanaiona. Ndalankhula zaka ziwiri anthu akundiyesa wamisala. Munthu mmodzi yekha wamva, ndiye inu. Nanenso ndili ndi ana opanda bambo."

Anapeza Nankhoma atakhala m'mphepete mwa dimba lake, udzu utayamba kumeramo. Mayiyo anabisa dzanja lopsalo m'chitenje. "Pakanapanda njira ija sindikanakwera," anatero. "Mukanapanda kugona pamenepo sindikanakupezani. Zimenezo ndikuvomera. Koma anthu analipo ambiri kunsi kuja, bambo, ndipo anakwera ndi mmodzi."

Kaliwo anabwerera kunyumba mutu uli pansi. Najere anamufunsa kuti wasankha ndani, iye n'kungopukusa mutu. Akaganiza za dzanja la Nankhoma, ankakumbukira kuti ntchito ya mayiyo inali ya ola limodzi, pamene anzake anavutika miyezi ndi zaka popanda wowayamika. Akaganiza za Dzinkambani, ankakumbukira kuti njirayo payokha sikanamuchotsa pansi pa mtengo woyaka. Akaganiza za Mwatitha, ankati mawu sanyamula munthu. Koma ankadziwanso kuti popanda mawuwo miyendo yake ikanamutengera kuimfa.

Tsiku lachitatu mlangizi uja anabwera. Anthu anasonkhana pabwalo la sukulu, atatu aja atakhala kutsogolo ndi zipewa zawo zobiriwira. Kaliwo anaimirira movutikira, atatsamira ndodo yake. Anayang'ana Dzinkambani, anayang'ana Mwatitha, anayang'ana Nankhoma. Anthu onse anadikira dzina.

Ine nkhani yanga ndaitula pamenepa, pakamwa pa Kaliwo pasanatuluke mawu. Tsono inu amene mwamva zonsezi, tandiuzani: mukanakhala Kaliwo, mukanatchula ndani? Amene analambula njira, amene anaphunzitsa mawu, kapena amene analowa m'moto?