Mkanda Woyera wa Dorifa

Kalekale, masiku amene wayilesi imodzi inkakwanira mabanja khumi, kunali woyimba wotchuka dzina lake Jelomu Chidothi. Munthu ameneyu akatsegula pakamwa, amayi ankapsereza ndiwo ndipo madalaivala a basi ankapitirira siteji. Ana ambiri obadwa zaka zimenezo anatchedwa Jelomu, ena abambo awo asanafunsidwe n'komwe.

M'tauni ina yaing'ono m'munsi mwa phiri munali mayi wina wosoka zovala pakhonde la sitolo, dzina lake Dorifa. Mwamuna wake, Zakeyu, anali atamwalira zaka zingapo m'mbuyomo, atangodwala chifuwa pang'ono nyengo ya dzinja. Dorifa sanakwatiwenso. Ankasoka, Lamulungu n'kukaimba kwaya, ndipo tauni yonse inkadziwa kuti mawu ake ndi okhawo amene ankatontholetsa makanda m'tchalitchi.

Pa nthawi ya ukwati wake alangizi anamupatsa mikanda, monga ankachitira ndi mkazi aliyense wolowa m'banja. Mkanda wofiira ukaikidwa pamphasa, mwamuna amadziwa kuti masiku ano njira ndi yotseka. Woyera ukaperekedwa m'manja mwake, amadziwa kuti waitanidwa, ndipo sipafunikanso mawu. Zakeyu atamwalira, Dorifa anataya wofiirawo m'dzenje, koma woyera unamukanika kutaya. Anaumanga m'chiuno, m'kati mwa zovala, ndipo ankayenda nawo osauza munthu.

Tsiku lina Loweruka gulu la Jelomu linafika kudzaimba masana m'holo ya tauniyo. Mkazi amene ankayimba nawo anali atasasa mawu, choncho anafunsa ngati m'tauni muli wina woti angathandize. Anthu onse analoza pakhonde la sitolo. Dorifa anasiya diresi la mwini wake lili pa makina, mkono umodzi wosasoka, n'kupita. Anakondwa, tisabise, anakondwa kwambiri. Ndani akanapanda kukondwa?

Tsono gulu limeneli linali ndi mwambo wake. Asanakwere pa siteji, onse ankamwera kapu imodzi tiyi amene ankamutcha tiyi wa mawu. Wophika anali woimba ng'oma, Tayimu, ndipo kukana kapuyo kunali kunyoza gulu lonse. Kapu itafika kwa Dorifa, ananunkhiza n'kumva uchi ndi mandimu, ndi kena kena kowawa pansi pake.

"Muli chiyani umu, achimwene?" anafunsa.

"Zotsegula kukhosi basi, achemwali," anayankha Tayimu. "Imwani, anthu akudikira."

Anamwa. Nyimbo yoyamba anaimba ali m'holo. Yachiwiri ili pakati, makoma anayamba kusendera kutali mwaulemu, malata anatseguka, ndipo pamene panali mabenchi panamera udzu wa kudambo, wautali, woweyuka popanda mphepo. Mitu ya anthu inasanduka maungu ogona m'mizere. Mawu ake ankatuluka m'kamwa n'kukaima patsogolo pake, iye akuwaona akuwala. Sanaope ayi. Thupi linapepuka, ndipo chisoni chimene ankadzuka nacho m'mawa uliwonse chinatsala penapake m'mbuyo.

Kenako kudamboko kunatulukira munthu akukankha njinga. Anavala malaya a mizeremizere amene Dorifa anasoka yekha chaka choyamba cha ukwati. Anali Zakeyu, wonenepa bwino, wopanda chifuwa chija. Anamugwira dzanja nati, "Tiye kunyumba." Anayenda limodzi, udzu ukuwapatsa njira. Dorifa ankaseka, akumufotokozera za mbuzi imene inaswa mapasa iye kulibe, ndi za denga limene linayamba kudontha. Atafika pakhomo lawo, iye anapisa dzanja m'chiuno, namasula mkanda uja, nauika m'manja mwa mwamuna wake.

Anadzidzimuka dzuwa litapendeka, likulowera pa zenera lachilendo. Chipindacho chinkanunkha sopo ndi fodya. Chinali cha nyumba yogona alendo, kuseri kwa holo. Pambali pake panagona Jelomu Chidothi akuliza mkonono, mkanda woyera utakulungidwa pa dzanja lake. Palibe anafunika kumuuza chimene chinachitika, thupi lake linamuuza lokha. Sanalire. Anafunafuna nsapato imodzi pansi pa bedi, ataisowa anatuluka ndi imodzi yomweyo m'manja.

Kutacha anapita kupolisi ndi mnzake wa kwaya, Felesita. Nkhani inawatsogolera pobwerera. Ndipo apa ndiye pamene tauni ija imandikwiyitsa mpaka lero, chifukwa mlandu usanafike n'komwe kukhoti, aliyense anali atauweruza kale ali pa mpando wake.

Theka la tauni linaphwanya makaseti a Jelomu pamsewu. Wayilesi inasiya kuika nyimbo zake munthu asanafunsidwe funso ndi limodzi lomwe. Mkazi wa Jelomu anagendedwa ndi tomato wowola pamsika wa kwawo, iye amene tsikulo anali kuchipatala ndi mwana. Theka linalo linatembenukira Dorifa. Amayi anabwera kudzatenga nsalu zawo zosasoka, osapereka ndi moni. Anyamata a kabaza ankaima dala pakhonde lake n'kumaimba nyimbo za Jelomu mokweza. "Munthu wofunidwa ndi dziko lonse angakakamize telala?" ankatero. "Akufuna kutchuka ameneyu." Dorifa ankangopalasa makina opanda nsalu kuti phokoso lawo limutseke makutu.

Chimene ankafuna sichinali chachikulu. Ankafuna kuti munthu mmodzi wovala mkanjo wa lamulo anene pagulu kuti iye sananame.

Tsiku la mlandu khoti linadzaza mpaka m'mazenera. Woweruza anali bambo wachikulire wa magalasi ochindikala, amene m'galimoto mwake, anthu amati, munali kaseti ya Jelomu, komanso anali ndi ana aakazi okhaokha. Patebulo pake panali mkanda woyera, utaikidwa pa mbale ngati chakudya. Panaitanidwa mboni zitatu.

Woyamba anali Tayimu, woimba ng'oma. Anavomera kuti m'tiyi muja munali masamba a chamba, monga masiku onse, komanso maluwa ena oyera akutchire amene amalotetsa munthu ali maso. Maluwawo sankaikamo kawirikawiri.

"Nanga tsiku limenelo munaikiranjimo?" anafunsa woweruza.

"A Jelomu anati, ‘Lero tiyi akhale wamphamvu.’"

"Ananena mayiyu atafika, kapena asanafike?"

"Bwana, amatero nthawi zambiri akatopa. Za nthawi sindikukumbuka, inenso ndinamwa. Koma iwo anamwa kawiri, mayiwa kamodzi. Ndinawaona ndi maso angawa akulankhula ndi gitala ngati munthu."

Wachiwiri anali Nachisale, mayi wosesa kunyumba ya alendo, munthu wosadziwa kunama ngakhale pamene kunama kukanamuthandiza. Iye anati anawaona awiriwo akubwera atagwirana manja. Palibe ankakoka mnzake. Mayiyo ndiye ankaseka kwambiri, ndipo atafika pachitseko anapisa yekha m'chiuno, namasula mkanda, naupereka.

"Ine ndine mkazi, bwana, ndinalangizidwa," anatero Nachisale akupotokola nsonga ya chitenje. "Mkanda woyera ndimaudziwa tanthauzo lake. Ndinatenga tsache langa n'kupita kukasesa kwina. Ndikanaima pamenepo ngati ndani?"

Wachitatu anali Felesita. Iye anati anakumana nawo panjira ya kuseri kwa holo, naitana mnzakeyo katatu, koma Dorifa anamudutsa ngati chitsa. Maso ake anali otseguka kwambiri, akuda okhaokha, osaphethira. Ndipo ankalankhula za mbuzi.

"Ankawaitana bambowa kuti a Zakeyu," anatero Felesita. "‘A Zakeyu, denga likudontha. A Zakeyu, mwachedwa bwanji?’ Zakeyu tinamuika m'manda tonse, bwana. Ndinafuna kumugwira Dorifa, koma anthu anandikankha, amati ndisachite nsanje. Ndinabwerera. Mpaka lero sindigona."

Tsopano anaimirira Jelomu. Anali ataonda, suti ikumulendewera, ndipo mawu aja amene ankaimitsa mabasi anatuluka aang'ono. Anati sanakakamizepo mkazi chibadwire. Anati masana amenewo iyenso sankadziwa ngati akuponda pansi kapena pamadzi. Chimene ankakumbuka bwino n'chakuti mkazi wokongola anamusekerera, namuika mkanda woyera m'manja, ndipo mwamuna aliyense wa dziko lino amadziwa kuti pamenepo wavomerezedwa.

"Dzina la Zakeyu munalimva?" anafunsa woweruza.

Jelomu akanatha kukana, ndipo loya wake ankamuyang'ana ndi maso omupempha kuti akane.

"Ndinalimva, bwana."

"Simunadabwe?"

"Anthu amandiitana mayina ambiri. Ena amanditcha dzina la nyimbo, ena la chibwenzi chawo chakale. Ndinazolowera kuyankha onse. Mwina ndikanakhala bwinobwino ndikanafunsa. Sindinali bwinobwino."

"Koma tiyi ameneyu inu mwakhala mukumwa zaka zambiri, ndipo mumadziwa zimene amachita."

"Ndimadziwa zimene amachita kwa ine, bwana. Za munthu wina sindinaganizepo."

Pomaliza anaitana Dorifa. Poyenda kupita kutsogolo anamva miyendo ikupepuka ngati tsiku lija, ndipo anaopa kuti makoma ayambanso kusendera. Anagwira thabwa la kabokosi ka mboni mwamphamvu. Woweruza ananyamula mkanda pa mbale paja.

"Mayi, uwu ndi wanu?"

"Ndi wanga, bwana."

"Anakulandani, kapena munapereka nokha?"

Felesita anali atamulangiza m'mawa kuti angoti sakukumbuka, popeza munthu woledzeretsedwa saimbidwa mlandu woiwala. Akanatero, mwina Jelomu akanalowa m'ndende tsiku lomwelo, ndipo nsalu zikanabwerera pakhonde lake. Koma Dorifa ankakumbuka. Zala zake zinkakumbuka mfundo ija, mmene inavutira pang'ono isanamasuke. Ankakumbukanso chimwemwe chimene anali nacho poimasula, ndipo chimenecho ndicho chinkamupweteka kuposa zonse, chifukwa chinali chimwemwe chenicheni ndipo wina anachidya chosakhala chake.

"Ndinamasula ndekha," anatero. Kumbuyo anthu anayamba kung'ung'udza, ena kuseka. Iye anakweza mawu ake a kwaya aja, ndipo phokoso linatha. "Ndinamasula ndekha, ndipo ndinapereka ndi mtima wanga wonse. Koma sindinapereke kwa bambo awa. Ndinapereka kwa amuna anga, a Zakeyu. Bambo awa sindinawaone n'komwe. Ndinawaona nditadzuka."

Jelomu anaphimba nkhope ndi manja. Nachisale anayamba kulira chamumtima. Woweruza anavula magalasi, nawapukuta, nawavalanso, koma mkanda uja unali womwewo. Akamumasula Jelomu, ndiye kuti walengeza kwa tauni yonse kuti mkazi ameneyu ananama, pamene sananame liwu ndi limodzi, komanso wauza mwamuna aliyense kuti mkazi wolota ali maso ndi wololedwa kumutenga. Akamumanga, ndiye kuti watsekera munthu amene anamwa kapu yomweyo, amene analandira m'manja chizindikiro chimene makolo omwe anati chimatanthauza inde, ndipo palibe mboni inatsimikiza kuti anakonza dala. Kunja makamu awiri ankadikira, lililonse litatola kale miyala yake.

Dorifa anaima pomwepo, manja ali pathabwa, akudikira kuti munthu mmodzi amuuze ngati zimene zinamuchitikira zili ndi dzina.

Ine nkhaniyi ndaifikitsa pamene ndingathe, ndipo mpando wa woweruza uja ndakusiyirani inu. Mkazi anapereka mkanda ndi dzanja lake, koma anaupereka kwa mwamuna amene ali m'manda. Mwamuna anaulandira mutu uli m'mitambo, koma anamva ndi makutu ake akuitanidwa dzina la wina ndipo sanafunse. Tandiuzani tsono, inu amene mwamva mboni zonse: Jelomu atuluke pakhomo liti, la kwawo kapena la ndende, ndipo mukasankha, Dorifa mumuyang'ana m'maso n'kumuuza kuti chiyani?