Polishi Pamwamba pa Fumbi

Panali munthu wina ku Chinsapo konkuno, mnyamata wapabanja, amene anagula galimoto yakuda. Sinali yatsopano ayi, inabwera itayendapo kale kunja, koma penti wake anali woti ukaima pambali umadziona mpaka mano. Ankaikonda moti ngakhale mwana wake Zione akaitsamira ankamukalipira.

Mlongo wake, Esnart, ankakwatiwa Loweruka. Bambo awo anamwalira kalekale, ndiye mwamuna wamkulu pabanjapo anali iyeyu. Pa gulupu ya pafoni ya komiti ya ukwati anthu ankalimbana za galimoto yonyamula mkwatibwi, wina akuti tibwereke, wina akuti tichite hayala. Iye anangolemba mzere umodzi, kuti mlongo wanga sangakwere galimoto ya munthu wina ine ndili moyo. Anaponyanso chithunzi cha galimoto yakeyo. Nkhani inathera pomwepo.

Lachisanu anapita ku Mitundu kukatenga azakhali ndi matumba awo. Mwezi wa Okutobala, msewu wadothi, mukudziwa kale. Pobwerako galimoto ija sinalinso yakuda. Inali yofiira ngati njerwa, ana n'kumalembapo mayina awo ndi zala.

Loweruka m'mawa anatsegula mpopi. Mpweya basi. Linali tsiku lachitatu madzi osatuluka. M'nyumba munali chigubu chimodzi chokha, choti asambe anthu onse, azakhali omwe. Anaimbira anyamata otsuka magalimoto kumsewu, anamuuza kuti nawonso akudikira madzi, ayesere cha m'ma teni. Teni yake iti? Ku saluni, kumene ankakonzera mkwatibwi, ankamufuna hafu eyiti.

Anazungulira galimoto. Analowa m'nyumba, anatuluka. Foni ikungolira m'thumba, a komiti akufunsa kuti mwanyamuka kodi. Anatsegulanso mpopi ngati kuti wasintha maganizo.

Mkazi wake anamuuza zinthu ziwiri. Mwina adikire theka la ola iye athamangire ku mjigo ndi ndowa, kapena angopita nayo choncho, poti ku saluni sikusowa madzi. Mwamunayo anakana zonse. Kudikira sakanatha. Ndipo kukafika pagulu ndi galimoto yofiira, chithunzi chija ataponya kale, bola kudwala.

Apa anakumbukira kuti m'buti muli chitini cha polishi wa galimoto, waphula uja, amene anagula mwezi wathawo koma sanamutsegulepo. Kagwiritsidwe kake sankakadziwa. Anatsegula vidiyo pafoni. Inali ya mphindi khumi ndi imodzi, ndipo itangoyamba uthenga unalowa woti bandulo yatsala pang'ono. Ndiye anakoka kachala, kudumpha poyambira ponse, mpaka pamene munthu wa m'vidiyomo anatenga siponji n'kuyamba kupaka mozungulira. Galimoto ya m'vidiyo inawala. Anathimitsa foni.

Zimene anadumphazo ndiye zinali kutsuka. Mphindi zisanu ndi imodzi zonse munthu uja ankangothira madzi, kupaka sopo, kutsukuluza, kuumitsa.

Mnyamata wathu uja anamenyamenya fumbi ndi malaya akale, lina linachoka, lambiri linatsala. Anatapa polishi, n'kuyamba pa boneti. Mozungulira, mwamphamvu, ngati wa m'vidiyo. Siponji inkalira kuti kwee, kwee.

Mkazi wake anasuzumira pakhomo, mwana ali m'manja.

"Bambo a Zione, simukumva mmene ikuliriramo? Ine kulira kumeneko ndimakumva ndikamakwecha mapoto ndi mchenga."

"Iwe za galimoto unaziphunzira kuti? Kasambitse mwana."

Mkazi analowa kukasambitsa mwana.

Mverani apa. Fumbi la mumsewu si ufa ayi. Ndi timiyala. Likangokhala pa penti, madzi amalinyamula bwinobwino n'kupita nalo, osasiya kanthu. Koma ukalipanikiza ndi siponji n'kumalizungulitsa, kamwala kalikonse kamalemba mzere wake. Iye anapanikiza boneti yonse, zitseko zinayi, denga, mpaka kumbuyo. Thukuta kamukamu. Kenako anapukuta ndi nsalu.

Galimoto inali pamthunzi wa mtengo wa mango. Pamthunzipo inawala ndithu, sindinama. Anajambula, anaponya pa gulupu, anthu n'kuyankha ndi tizithunzi ta moto. Anasamba mothamanga, anavala suti, ulendo.

Ku saluni kunalibe mtengo. Anaimika pabwalo, dzuwa lili phwee.

Amayi omanga maliboni anabwera akuimba, atafika pafupi nyimbo inazilala yokha. Galimoto yonse inali mizeremizere yozungulira, ngati ukonde wa kangaude, kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. M'mphepete mwa zitseko ndi pa zogwirira, polishi wosakanikirana ndi fumbi anali ataumirira ngati matope. Mayi mmodzi anafunsa ngati yagwera m'minga. Wojambula zithunzi anayang'ana pa kamera yake, anapukusa mutu, n'kupita kukaima patali.

Mwini galimoto anati ndi zazing'ono, zichoka pompano. Anapukuta ndi mpango wa m'thumba. Sizinachoke. Analavulira malovu, anapukutanso. Kuseri kwa saluni kunali mgolo wodzaza madzi, ngati momwe mkazi wake ananenera. Anatunga ndowa, anakhuthulira pa boneti. Madzi anangotsetsereka pa phula paja n'kugwa pansi, mizere n'kuoneka bwino kuposa poyamba. Anatunganso ina. Suti inanyowa mpaka m'mawondo.

Mayi wamkulu wa komiti anayandikira. Anayendetsa chala pa chitseko chakumbuyo, pomwe mkwatibwi akanalowera, n'kuchikweza kuti aliyense aone. Chinali chofiira, chonata. Anati diresi loyera silingadutse pamenepa, ndipo abusa sadikira munthu.

Panja pa geti panali galimoto ya amalume a mkwati. Yoyera, yakalekale, nyali imodzi yomata ndi tepi. Mwini wake anali ataitsuka m'mawa womwewo ndi ndowa imodzi ya ku mjigo, basi. Amayi anatenga maliboni awo n'kupita kumeneko.

Mnyamata uja anayamba kukuwa. Anati galimoto ndi yake, mlongo ndi wake, palibe angamuuze zochita. Anthu ankangoyang'ana mafoni awo.

Kenako Esnart anatuluka, atsikana awiri atamunyamulira diresi kumbuyo. Anaima pakhonde. Anayang'ana galimoto, anayang'ana mchimwene wake ali chinyowere, ndowa ili m'manja. Sanakalipe.

"Achimwene, mukanangobwera nayo ndi fumbi lake. Fumbi tikanatsuka."

Anatsika masitepe, n'kukalowa m'galimoto yoyera ija.

Galimoto yakuda inapita ku ukwati ndithu. Inanyamula makireti a zakumwa ndi azakhali, ili kumapeto kwa mzere. Sabata yotsatira wopenta magalimoto anaiona n'kunena kuti mizere ina yalowa kwambiri, palibe polishi angaibise, mpaka penti yense apalidwe ayambirenso.

Tsopano inu mwakhala apa mukuseka, musaseke kwambiri.

Alipo munthu amene munamulakwira. Mukumudziwa, dzina lake labwera kale m'mutumo. Mwina ndi mayi anu, mwina ndi mkazi wanu, mwina ndi mnzanu amene munamunena pagulu iye kulibe. Simunapite kukakhala naye pansi n'kutchula chimene munachita. Chimenecho n'chochedwetsa, n'chochititsa manyazi, ndiye munachidumpha. M'malo mwake mwamutumizira mayunitsi. Mwamuika pa sitetasi ndi timitima. Mwamugulira nsalu, mukuseka naye mokweza ngati palibe chinachitika. Mukuti mukukonza.

Simukukonza. Mukupanikiza mchenga. Mphatso iliyonse imene mukumupatsa nkhani ija isanakambidwe ikumuuza kuti ululu wake mwauona, koma mulibe nawo nthawi. Iyeyo akumva kulira kwa siponji ngakhale inu simukumva. Zabwinozo si zoipa ayi, polishi alibe mlandu. Koma amabwera pomaliza, pamalo potsuka kale.

Ndiye lero lomwe, musanagule kalikonse, pitani. Ngati mawu abwino mulibe, pitani opanda mawu abwino. Kaimeni pakhomo pake mmene mulilimo, munene kuti ndinakulakwira pakuti ndi pakuti, kenako mutseke pakamwa, iye alankhule.