Chopotera Waya

Panali munthu wina amene anakhala zaka zambiri kunja, akugwira ntchito yokonza misewu. Mkazi wake atamwalira, anabwerera kumudzi. Kuseri kwa nyumba anapezako mapando asanu a nthochi amene mayiyo anadzala, koma chigwembe chinali kuwayandikira dzinja lililonse.

Munthu uja anaganiza zomanga mpanda wonga umene ankauona kumisewu, wa madengu a waya odzaza miyala. Anapanganso chopotera chake. Anatenga chitsulo cha njinga yakale, anachiboola kunsonga, n'kuchikhomera pachidutswa cha mpini. Ukalowetsa nsonga ziwiri za waya pabowolo n'kuzunguza, waya ankapotana ngati luzi.

Mlamu wake, mchimwene wa malemuwo, anabwera kudzathandiza. Iyeyo ankazunguza katatu n'kuleka.

"Alamu, mukumanga ngati ndi mtolo wa udzu," anatero munthu uja. "Kumene ndinali, waya amalira ukamugunda."

"Mvula ikagwa miyala isuntha, alamu. Isiyireni malo."

Mlamu wake atapita, munthu uja anatenga chopotera n'kubwereza mfundo zonse, kuzunguza mpaka waya atathina ngati nsambo. Dengu lakumapeto lokha analisiya, chifukwa m'manja munali mutatuluka matuza.

Mu Januwale kunagwa mvula ya masiku atatu. Madzi anadutsa m'mipata ya miyala monga anayenera. Miyala inayamba kukhazikika, ndipo waya wothina uja, posowa potambasukira, anaduka mfundo ndi mfundo. Madengu anang'ambika, miyala inapita ndi madzi, nthochi zinatsatira. Panatsala dengu limodzi lija, litafufuma mimba, ndi phando limodzi kumbuyo kwake.

Munthu uja anaima pamenepo nthawi yaitali, akuyang'ana phandolo. Kenako anapita kwa mlamu wake, chopotera chili m'manja.

"Paja munkazunguza kangati?"

"Katatu."

"Tiyeni. Phando latsala limodzi."

Inu amene muli ndi ana pakhomo, inu amene akazi anu akadali moyo, chopotera chili m'manja mwanu. Icho sichitopa, ndipo sichinena kuti waya wayamba kuwonda. Muziwerenga nokha kuti mwazunguza kangati, muzileka malo akadalipo.