Pikapu Yodulidwa Pakati

Amene anaudziwa msewu wa kuseri kwa msika zaka makumi awiri zapitazo, lero akaima pamenepo mtima umamuwawa. Kale pankangoti piringupiringu timapikapu tating'ono ta kunja, tonga abulu: kudya pang'ono, kusenza zambiri, osadandaula. Kenako anthu a mataye anakhala m'chipinda chozizira n'kugwirizana kuti galimoto iliyonse ya katundu yochokera kunja izilipira msonkho wotsala pang'ono kufanana ndi mtengo wake, ati kuteteza fakitale ya m'dziko momwemo. Koma fakitaleyo imapanga malole akuluakulu okhaokha, osatha n'kukhota komwe m'tinjira ta m'makomboni. Amalonda anasiya kuitanitsa timapikapu. Totsalato tinakalamba, tinayamba kudyana tokhatokha, kena kufa kuti kanzake kapeze sipeya.

Pamsewu umenewo panali bambo wina wogulitsa matailosi, amene anthu ankamutcha Ndanena, poti iye akanena wanena. Maso ake anali atayamba chifunga, choncho chiwongolero anachisiyira mwana wake wamkazi, mayi wa kamwana kamodzi, amene ankadziwa dzenje lililonse la msewu wotsetserekera kumlatho, kutsidya kumene anthu ankamanga nyumba zatsopano. Pikapu yawo yakale itafa injini kachitatu, makaniko anangopukuta manja n'kuwauza kuti aigonekere maluwa. Makasitomala anayamba kulowa pashopu ya mnzake wa moyang'anana, amene pikapu yake inali ikutsokomolabe.

Ndi pamene panatulukira dobadoba wina wa nsapato zosongoka. Iye anati galimoto yathunthu msonkho wake ndi wakupha munthu, koma zidutswa za galimoto zimalowa ngati masipeya, msonkho wake wa nthabwala. Kutsidya kwa nyanja amatenga pikapu yabwinobwino n'kuidula pakati ngati mkate, mutu pawokha, thako palokha, n'kuziponya mu kontena. Zikafika kuno, umalumikiza, n'kuiveka mapepala ndi nambala za pikapu yakufa ija. Ndanena sanagone nayo nkhaniyi ngakhale tsiku limodzi.

Zidutswazo zitafika, anaitana mlamu wake, mlongo wa mkazi wake, amene anakalambira pa ntchito yowotcherera mathanki ndi matilera. Mlamuyo analowa pansi, anakhalako nthawi, natuluka akukutumula fumbi.

"Alamu, anakuberani ndani maso otsalawo?"

"Nenani za ntchito, za maso zisiyeni."

"Aidula mowongoka, kuseri kwenikweni kwa mpando, pamene chitsulo chimapindika katundu akalemera. Apa ndi pamsana pa galimoto. Kuwotcherera kokha sikungagwire. Pafunika zitsulo ziwiri zochindikala, uku ndi uku, zomanga ndi mabawuti. Ndikatero mukhoza kunyamula ngakhale apongozi anu ndi katundu wawo yense."

"Ndiye woyeza galimoto akasuzumira pansi n'kuona mabawutiwo? Adziwa kuti inabwera yodula. Andilanda, kapena andilipiritsa msonkho wonse uja ndauthawa. Ayi. Muwotcherere, musalaze, tipake penti. Pasaoneke kanthu."

"Kusalaza n'kuchotsa mnofu womwe ukugwirawo. Mukufuna ndisoke bala, kenako ndimete ulusi?"

"Mukuopa chiyani? Zanu n'zakale, alamu. Anzanu akuchita zimenezi tsiku ndi tsiku."

Mlamu anapinda chingwe cha makina ake pang'onopang'ono.

"Zikanakhala kuti muziyendetsa ndinu, ndikanakuwotchererani ndi phala lomwe, mlongo wanga akanapuma. Koma pampandopo pazikhala mwana wa mlongo wanga. Dzanja langa lisakhalepo."

"Pitani! Owotcherera atha m'tauni muno?"

Sanathe. Ndanena anapeza wina wopanga mageti ndi zitsulo za m'mawindo, munthu waulemu, wosatsutsa kasitomala. Ameneyo anawotcherera ndi timawaya take ta mageti, nasalaza mpaka chala chinkadutsa osamva msoko, namata, napaka penti yakuda yochindikala. Pamwamba anaithira yoyera, yowala ngati mano a mwana. Woyeza galimoto anasuzumira pansi ndi tochi, nagogoda apa ndi apo, nadinda pepala. Tsiku limenelo Ndanena anaimika pikapu pakhomo pa shopu, mphuno italoza kwa mnzake wa moyang'anana uja. Anthu ankaima n'kumaisisita. Zaka zinali zitapita msewuwo usanaone kanthu katsopano.

Kwa miyezi iwiri zinthu zinayenda. Mwezi wachitatu mwana uja anabwera madzulo ena, naika makiyi patebulo osakhala pansi.

"Bambo, galimoto ija ikalemera chitseko chikumavuta kutseka. Ndipo kumbuyo kukumagogoda, ngati wina akumenya pamsana panga."

"Ndi mahinjesi amenewo. Galimoto iliyonse ili ndi nyimbo yake."

"Ndikapita nayo kwa amalume akaione."

"Ukaponda kumeneko usabwerenso pano! Ufuna akandiseke mpaka Khirisimasi?"

Mawa lake Ndanena anatenga tupa, napala m'mphepete mwa chitseko mpaka chinayamba kutseka bwino, naitana mwanayo kuti aone. Mwanayo anayang'ana chitseko, nayang'ana bambo ake, nakwera. Sanali wopusa. Koma ankakhala m'nyumba ya bambo akewo, iye ndi kamwana kake, ndipo za mabawuti amene amalume ake anapempha palibe anamuuza.

Lachisanu lina m'mawa kunabwera kontilakita wofuna matailosi a nyumba yathunthu kutsidya, ndipo ankawafuna isanakwane teni koloko, apo ayi akagula pena. Unali katundu wa maulendo awiri. Ndanena anati upite ulendo umodzi. Anasanja makatoni mpaka matayala a kumbuyo anabisala, mwana analiza injini, nachoka.

Pasanathe mphindi khumi mlamu anafika pa njinga yamoto, atabweretsera mlongo wake mankhwala a miyendo. Kuyambira tsiku lija amuna awiriwa ankangopatsana moni wa pamphuno. Akuimika njinga pamalo pamene pikapu inkagona, anaona tinthu takuda pansi, ngati makoko a mtedza wopserera. Anatola kamodzi. Kunja penti, m'kati dzimbiri lofiira.

Analowa m'shopu osaodira, nakaika pa kauntala.

"Wapita kuti?"

"Mwadzuka bwanji kaye, alamu."

"Ndati wapita kuti mwana?"

"Kutsidya."

"Ndi katundu wochuluka bwanji?"

Ndanena anatenga kachidutswa kaja, nakayandikitsa kumaso, nakatembenuza.

"Penti sithothoka yokha," anatero mlamu. "Msoko watseguka. Ndipo paipi ya mabuleki imadutsa pomwepo. Muimbireni!"

Foni inaitana mpaka kuduka. Anaimbanso. Inaitana, inaitana. Ndanena ankadziwa chifukwa chake: ndi iye yemwe anamuphunzitsa mwanayo kuti foni ndi chiwongolero sizigwiridwa pamodzi, ndipo mwanayo anali womvera.

Anakwera njinga awiriwo, shopu n'kuisiya pululu. Pamsika panali ngolo yopingasa msewu, mlamu anakwera ndi njinga pakhonde la sitolo, amayi ogulitsa tomato akuwatukwana. Pamphambano magetsi anali ofiira, anadutsa. Ndanena anagwira malaya a mlamu wake ndi dzanja limodzi, linalo likuimbabe foni imene sinkayankhidwa. Maso akewo sankaona patali, ankangofunsa kuti, "Mukuiona? Alamu, mukuiona?" Mlamu anangowonjezera liwiro.

Pikapu ija anaiona atafika pamwamba pa chitsetso. Inali pakati pa mtunda, ikutsika mwaulemu, pang'onopang'ono, monga mwanayo ankayendetsera nthawi zonse. Koma pakati pake panali patapindikira pansi ngati msana wa bulu wokalamba. Mlamu analiza hutala osalekeza. Patsogolo pa pikapu panali chitumbira chija amaika kuti magalimoto azichepetsa liwiro. Matayala a kutsogolo anakwera, natsika. A kumbuyo atakwera, kunamveka kuti khoo!

Mimba ya galimoto inakhudza phula, moto n'kuthetheka. Nyali zofiira za kumbuyo zinayaka, kusonyeza kuti mwana waponda buleki, koma galimoto m'malo moima inayamba kuthamanga. Kumunsi, pakamwa pa mlatho, panali minibasi itaima, anthu akutsika ndi mitolo yawo. Aliyense amene analipo amanena chimodzimodzi: mtsikanayo anali ndi nthawi yosankha, ndipo anasankha. Anakhotetsera kumbali yake yomwe, kukhoma la miyala la m'mbali mwa msewu. Matailosi onse aja anasefukira kutsogolo n'kuphwanyikira pamsana pa mpando.

Ndanena anafika akukwawa pa zigoba zakuthwa, mawondo ali magazi, akuitana mwana wake ndi dzina la paubwana limene anali atasiya kalekale. M'katimo munamveka mawu aang'ono: "Mwendo, bambo. Mwendo." Panatenga ola lathunthu, ndi zitsulo zobwereka pa garaja ya pafupi, kuti mlamu amutulutse. Nthawi yonseyo sanamuyang'ane Ndanena ngakhale kamodzi.

Kuchipatala dokotala anati moyo ulipo, kuyenda adzayenda ndi ndodo, koma phazi lakumanja silidzapondanso chopondera cha galimoto. Apolisi anakokera zidutswa ziwiri zija kubwalo lawo, ndipo amene anasuzumira podukapo anapeza kuti chitsulo chimene chinkagwira galimoto yonseyo chinali chopyapyala ngati chikhadabo.

Tsiku lachitatu mwanayo anatsegula maso bwinobwino. Mayi ake anali atatuluka ndi kamdzukulu kukagula madzi. Bambo ake anali pampando wa pambali, chipewa chili pamaondo.

"Bambo."

"Ndili pano, mayi."

"Amalume akuti anakana kuiwotcherera. Akuti anakuuzani chifukwa chake."

Ndanena anatsegula pakamwa. Munthu amene moyo wake wonse sanasowepo chonena anayang'ana chipewa chake, nachitembenuza, nachitembenuzanso.

"Tsiku lija munkapala chitseko," anatero mwanayo, mawu ali pansipansi, "munkadziwa?"

Pakhonde panadutsa namwino akukankha kangolo ka mankhwala. Mwanayo anadikira mpaka phokoso la matayala ake litazilala. Kenako anatembenuzira nkhope kukhoma.

Anthu a mataye aja sanamve n'komwe za nkhaniyi, ndipo makontena akubwerabe ndi mitu ndi matako a magalimoto. Mlandu wawo ulipo, ndipo ndi waukulu. Koma amene anakana mabawuti poopa diso la woyeza, n'kusankha penti, sanali wa taye. Akuluakulu anaziona kale zoterezi asanaone n'komwe galimoto: chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.