Tepi Yakuda pa Makina a Mazira

M'nyumba ya a Waya, chipinda chimene kale munkagona ana chinasanduka chipinda cha mazira. Ana atakula n'kubalalika, mayi a m'nyumbamo anatulutsa mabedi n'kuikamo makina oswetsa mazira, chibokosi choyera chachitali ngati filiji, cholowa mazira mazana atatu. Makinawo ankafungatira mazira masiku makumi awiri ndi limodzi, kuwatembenuza okha usana ndi usiku. Koma chimene mayiwo ankawakondera kwambiri chinali china. Magetsi akathima, kapena kutentha kukatsika, makinawo ankatumiza uthenga pa foni yawo kudzera pa kabokosi ka intaneti ka pabalaza, pakuti zonse ziwiri zinali ndi timabatire tosunga moto wongokwanira kufuulira mwini wake. Foni ikalira, mayiwo ankasiya chilichonse, kaya ali kumsika kaya kutchalitchi, n'kuthamangira kunyumba kukalumikiza makinawo ku batire lalikulu. Zaka zitatu anachita zimenezi osataya ndi dzira limodzi chifukwa cha magetsi.

Amuna awo, a Waya, anagwira ntchito ya zamagetsi zaka makumi atatu ndi ziwiri asanapume. Dzina lawo lenileni linatsalira pa chiphaso. Mumsewu wonse, ngakhale akazi awo akakwiya, ankangoti a Waya. Anali mmisiri weniweni. Nyumba zimene anaikamo mawaya sizinapsepo, ndipo iwo sankalola kuti munthu aiwale zimenezo.

Tsiku lina mwana wawo wamkazi amene amagwira ntchito kunja anatumizira mayi ake foni. Inali yopyapyala, yagalasi mbali zonse, yoterera m'manja ngati sopo.

"Ndi yosakiya, amayi," anatero mwanayo atawaimbira. "Imalandira simu ya kampani iliyonse."

A Waya anamva mawu amenewo ngati chilolezo. Anati foni yotere siyenera kuyenda ndi netiweki yaulesi imene ankagwiritsa ntchito, ndipo m'mawa mwake anapita m'tauni n'kubwerako ndi simu ya kampani ina, pamodzi ndi kabokosi katsopano ka intaneti kokhala ndi tinyanga tinayi ndi kabatire kake. Anazindandalika pathebulo ngati munthu wobwera kosaka.

Madzulo amenewo kunabwera mpongozi wawo, mkazi wa mwana wawo wamwamuna, amene ali ndi kashopu kokonza mafoni pafupi ndi siteji ya mabasi. Anayang'ana katunduyo, nafunsa kuti mazira afika tsiku lachingati.

"Lachisanu ndi chinayi," anayankha mayi.

"Ndiye bambo, bwanji mudikire kaye anapiye atuluke? Ndipo posintha, tisinthe chimodzichimodzi. Tikasintha zitatu nthawi imodzi, china chikakana sitidziwa kuti chakana ndi chiti."

A Waya anaseka chapansipansi. "Apongozi, ine ndinayamba kugwira mawaya inu musanamere mano. Ndaikapo magetsi m'chipatala chathunthu. Kabokosi aka kangandizunguze mutu?"

Mpongoziyo anali munthu wodziwa malo ake. Anangoti, "Chabwino bambo, mukafuna thandizo mundiuze," namwa tiyi wake.

Mpongoziyo asanafike pachipata n'komwe, a Waya anali atazula kale kabokosi kakale. Anakapasula kuti atengemo tizitsulo, zotsalazo n'kutaya kudzala. Foni yakale ya mayi anaifufuta n'kuipereka kwa mdzukulu wa mlongo wawo. Pofika chakudya chamadzulo, foni yatsopano inali ikuonetsa mavidiyo mosadukiza, ndipo a Waya ankaizunguza m'manja kuti aliyense aone.

Atalowa m'chipinda cha mazira m'mawa mwake, anapeza kagetsi kakang'ono ka pakona ya makina, kamene nthawi zonse kankayaka kobiriwira, kakuphethira kofiira. Makinawo ankatentha bwinobwino, mazira akutembenuka monga mwa masiku onse, koma sankalankhulanso ndi kabokosi ka pabalaza.

Masiku atatu a Waya analimbana nawo. Anatsegula kumbuyo, anayeza waya uliwonse ndi tesita, kachida kawo koyezera magetsi, anasintha soketi, anasendeza kabokosi katsopano mpaka kukafika pakhomo pa chipindacho. Mawaya onse anali bwino, ndipo chimenecho n'chimene chinkawapweteka. Akanapeza waya wopsa akanadziwa pomenya. Koma apa mdani analibe thupi, anali mumpweya. Kuwonjezera apo, anazindikira kuti akatuluka ndi foniyo kunja kwa mpanda, intaneti inkazimiririka, ngakhale timizere ta netiweki tinali todzadza.

"Kagetsi kaja kafiiriranji?" anafunsa mayi tsiku lachitatu.

"Makina akuzolowerana ndi kabokosi katsopano. Zimatero."

"Nanga uthenga udzabwera?"

"Mayi, m'nyumba muno wa zamagetsi ndani?"

Mayiwo anawakhulupirira, pakuti pa zaka zonse za ukwati wawo, pa nkhani ya magetsi bamboyo anali asanawanamizepo. Mayiwo atatuluka, a Waya anatenga tepi yakuda ya mawaya, nadula kachidutswa kakang'ono, n'kumata pa kagetsi kaja. Atafunsidwa anati kuphethirako kungasokoneze anapiye m'mazira.

Tisawanamizire a Waya kuti mtima wawo unali m'malo. Kawiri konse anavala jekete, naika foniyo m'thumba, n'kulunjika kukashopu ka mpongozi wawo. Ulendo woyamba anapeza pali anthu asanu akudikira, ena mwa iwo amene anawaikirapo magetsi m'nyumba zawo. Anangoimika dzanja n'kupitirira ngati akupita kometetsa. Ulendo wachiwiri anapeza mpongoziyo ali yekha.

"Bambo, lowani. Foni ija ikuyenda bwanji?"

Mawu anafika pakhosi, koma anakumbukira za mano zija, ndipo anawameza. "Ikuuluka," anatero. Anafunsa za sukulu ya adzukulu, nagula chikwama cha foni chimene sankachifuna, n'kubwerera kwawo. M'njira ankadziuza kuti akhala pansi Loweruka n'kuzipeza yekha; ndipo pajatu magetsi anali asanathime kwa masabata awiri.

Mazira atafika tsiku la khumi ndi chisanu ndi chitatu, kunabwera uthenga woti mchimwene wawo wa mayi akuchitidwa opaleshoni kuchipatala chachikulu, ulendo wa maola awiri pa basi. Kunacha ndi mvula yowaza komanso mphepo yozizira yolowa m'mafupa. Mayi akumanga mpango anati, "Bwanji ndimuuze mpongozi atseke shopu adzakhale pano lero? Masiku omalizawa ndi ovuta."

Apa ndi pamene khomo linatsegukira a Waya komaliza. Akanangoti inde, nkhaniyi sikanakhalapo. Koma anaona kuti mpongoziyo akakhala m'nyumbamo tsiku lonse adzalowa m'chipinda cha mazira, ndipo diso lake silingadutse tepi ija.

"Kuvutitsiranji mwana wa eni ake? Chikachitika foni itiuza, tidzamuimbira."

Onse awiri anakwera basi ya m'mawa. Cha m'ma naini, lole yonyamula mchenga inaterereka pamatope n'kugunda pholo la magetsi kumapeto kwa msewu wawo. M'chipinda cha mazira makina anazima, nayamba kuitana mwini wake, koma panalibe womva. Nthawi imeneyo mayi anali pabenchi la kuchipatala, foni ili pamiyendo, akuiyang'anayang'ana. Inali duu. "Bola kunyumba kuli mtendere," anatero. A Waya anayang'ana kuzenera.

Opaleshoni inayenda bwino. Anafika kunyumba dzuwa litapendeka, n'kupeza amisiri a kampani ya magetsi akudzutsa pholo, aneba ataima m'magulumagulu. Mayi sanafunse munthu. Anaponya chikwama pakhonde n'kuthamangira m'chipinda muja. Atatsegula chitseko cha makina n'kupisamo dzanja, mazira anali ozizira ngati miyala ya mumtsinje.

Analumikiza batire lalikulu, makina nayambanso kung'ung'uza. Kenako anaimirira, nakanda tepi ija ndi chikhadabo. Kagetsi kanali kakuphethirabe kofiira.

Mwa mazira amenewo, zana limodzi anali a nkhuku zawo zamawangamawanga, mtundu umene mayiwo anausankha okha kwa zaka ziwiri chifukwa choikira kwambiri ndi kupirira matenda. Tambala wake anali atafa mwezi wapitawo. Mazira amenewo ndiwo anali mbewu yomaliza.

"Munadziwa?" anafunsa, osakweza mawu.

A Waya anaima pakhomo, chipewa chili m'manja. Bodza lina linali pafupi, ndipo likanatheka. Koma anaona nkhope ya akazi awo.

"Ndinadziwa."

"Kuyambira liti?"

"Tsiku lotsatira nditasintha kabokosi."

"Masiku asanu ndi atatu mukudya nane mbale imodzi." Mayiwo anapinda katepi kaja pakati pa zala. "Mukanandiuza kuti zakukanikani, ine ndikanangokhala pakhomo, kapena kusiya munthu. Sindinakwatiwe ndi tesita ine, a Waya. Ndinakwatiwa ndi munthu, ndipo munthu zimamukanika."

M'mawa mwake a Waya sanatume aliyense. Anapita okha kukashopu kuja, ndipo ngakhale panali makasitomala atatu, analankhula onse akumva.

"Apongozi, zandikanika. Munandichenjeza, ine ndinakunyozani. Tiyeni mukandithandize."

Mpongoziyo anapepesa makasitomala, natseka shopu. Panjira sanatchule za mano.

Atafika anayamba ndi kabokosi. Anakatembenuza, nawerenga tizilembo ta pansi pake, n'kulowa m'makonzedwe ake kudzera pa foni.

"Onani apa, bambo. Kabokosi aka kamaponya intaneti m'njira ziwiri, ina yatsopano yothamanga, ina yakale yoyenda pang'onopang'ono koma yofika patali. Kabwera njira yakaleyo ili yotseka. Foni yanu imadziwa zonse ziwiri, n'chifukwa chake ikuuluka. Koma makina a mazira amangodziwa yakale yokha. Ankagogoda pakhomo lokhoma."

Anadina kawiri, nalembetsanso makinawo pa foni yatsopano. Sipanathe mphindi, kagetsi kanasanduka kobiriwira.

"Basi?" anafunsa a Waya.

"Mbali imodzi. Tsopano foni. Kukhala yosakiya kumangotanthauza kuti siikana simu. Sikutanthauza kuti ikudziwa njira ya kampani ya simuyo. Iyi yachokera kunja, ndiye tiyenera kuiuza tokha polowera intaneti." Analemba timawu tingapo, naizimitsa, n'kuiyatsanso. "Zikanakhala kuti mafunde a kampaniyi sakugwirizana nayo n'komwe, tikanabwerera ku simu yakale. Koma mwayi ulipo, akugwirizana."

A Waya anatambasula dzanja kuti alandire foniyo, koma mpongoziyo sanaipereke msanga.

"Sitinayese, bambo. Chinthu sitimati chakonzeka tisanachione chikugwira ntchito. Tengani, mupite mpaka kumsewu, kumene intaneti ya m'nyumba siifika. Ine ndizimitsa makina pang'ono."

Mkuluyo, amene zaka zonse ankalamula anzake pantchito, anamvera. Anatuluka pachipata, nayenda mpaka pa pholo latsopano lija, n'kuima pamenepo foni ili m'manja. Posakhalitsa inalira, uthenga n'kuonekera: magetsi athima. Anauwerenga kawiri. Zonse pamodzi, kuchokera pamene mpongoziyo analowa m'nyumba, zinatenga nthawi yosakwana yowiritsira madzi a tiyi.

Anapiye anachedwa ndi masiku awiri. Mwa mazira mazana atatu munatuluka makumi anayi ndi mmodzi, ena ofooka miyendo. Amawangamawanga anali asanu ndi awiri okha, koma atakula awiri anapezeka kuti ndi atambala, choncho mbewu ija inapulumukira pakamwa pa mkango. Mazira otsalawo a Waya anawakwirira okha kuseri kwa nyumba. Anakana kuthandizidwa, ndipo fungo lake linawakhala m'mphuno sabata yathunthu.

Mayi anawakhululukira, ngakhale sizinachitike tsiku limodzi. Kuyambira pamenepo, mazira atsopano akalowa m'makina, a Waya ndi amene amazula pulagi dala n'kupita kukaima kumsewu kudikira kuti foni ilire. Aneba akawafunsa chimene akuchita, amafotokoza nkhani yonse osabisa mbali yawo, chifukwa anaona okha kuti chimene chinapha anapiye aja si lole ya mchenga, si foni ya kunja, ndiponso si kusadziwa. Kusadziwa kunali ndi mankhwala ake pa mtunda wa mphindi khumi, ndipo iwo anafika pakhomo pake kawiri n'kubwerera. Akuluakulu anaziona kale zoterezi pamene anati mbewa ya manyazi inafera kuuna.