Suti Yoyera ya a Yesaya

Pakhonde la golosale ya a Yesaya ku Senga Bay ndi pamene Masautso ankajambulira anthu. Anakhomapo nsalu ya chithunzi cha nyumba yosanja, nayikapo mpando ndi maluwa apulasitiki, ndipo aliyense wofuna chithunzi ankakhala pamenepo n'kuumitsa khosi. Khondelo a Yesaya anamupatsa mwachifundo chabe. Malo ena onse pamsika anali ndi eni ake, moti kuchoka pakhondepo kunali kuchoka pantchito.

Chaka cha 2003, chisankho chikununkhira, kunafika Abbas, wamalonda wa ku Chipoka amene ankayendayenda ku Joni. Anatulutsa m'chikwama makamera awiri ang'onoang'ono osafuna filimu. Ina inali yasiliva, yonyezimira ngati sefuliya yatsopano. Inayo inali yakuda, yokalikakalika, chitseko cha mabatire atachimanga ndi mphira.

"Yasilivayi ili ndi mamegapikiselo anayi, yakudayi awiri," anatero Abbas.

"Ndiye chiyaninso chimenecho?" anafunsa Eliza, mkazi wa Masautso, amene ankagulitsa nsomba pafupi pomwepo.

"Timadontho topanga chithunzi, alamu. Tikachuluka, ngakhale ndevu za munthu mutha kuziwerenga."

Masautso mtima unali utapita kale. Koma Eliza ndi munthu wodziwa chambo chogona poyang'ana diso lokha, mtundu sumunamiza. Anayala mpango woyera pampando, n'kuyikapo chambo ndi matimati atatu, nauza Abbas kuti ajambule ndi makamera onse awiri. Atatuwo anagundanitsa mitu pamthunzi, kuyang'ana timagalasi takumbuyo.

Yakuda ija inaonetsa chambo monga chinatulukira m'madzi, matimati ofiira bwino, mpango woyera mbuu. Kungoti ukachikulitsa chithunzicho, mamba ankasungunuka ngati phala. Yasiliva inaonetsa mamba onse limodzilimodzi, mpaka ntchentche imene inatera pamchira. Koma chambocho chinkaoneka chokazinga kale, ndipo mpango unkachita ngati wina wapukutira mango.

"Abambo, kamera iyi ikudwala," anatero Eliza. "Choyera chilichonse ikuchisandutsa chikasu."

"Wallahi, alamu akunena zoona," anavomera Abbas. "Amene anandigulitsa anati inagwapo, batani lokonzera mitundu linafa. Ine sindibisa."

"Chikasu chili m'maso mwanu nonse awiri," anayankha Masautso. "Ameneyu ndi golide. Tandiuzani, zinayi ndi ziwiri chachikulu n'chiti? Ngakhale wa sitandade wani akhoza."

Anatenga yasiliva, naipachika m'khosi ngati mendulo. Eliza sanalimbane naye. Anangoitanira Abbas pambali, yakuda ija n'kuisinthanitsa ndi dengu la usipa wouma.

Tsono a Yesaya anali ndi vuto lawo limene Senga Bay yense ankalidziwa. Masiku amenewo chipani chilichonse chinali ndi mtundu wake, ndipo chipani chimene iwo ankadana nacho chinkavala chikasu. Chidani chawo chinapitirira muyeso. Mabeseni achikasu m'golosale mwawo sankalowa. Nthochi ankadya zosapsa. Dzira lophika ankadya choyera chokha, chapakaticho n'kuponyera galu, galuyonso n'kumuyang'ana mokayika. Kawirikawiri ankaima pakhonde n'kulumbira kuti tsiku limene adzavale chikasu, nyanja idzakhala itauma mpaka ku Mozambiki.

Bambo ameneyu ndiye ankakwatitsa mwana wake mmodzi yekhayo, Fanny, ndipo ntchito yojambula anaipereka kwa Masautso. Anasoketsa suti yoyera, yoyera ndithu, kuti aliyense aone kuti mwini ukwati ndani.

M'mawa wa tsikulo Eliza anayesanso. "Abambo, tengani makamera onse awiri. Ukwati sabwereza."

"Ndikaonekere pagulu ndi chinthu chomanga ndi mphira? Mukufuna anthu andiseke?"

Ukwati unakoma. Masautso anajambula chogona, chogwada, chokwera patebulo, kamera ikuthwanima padzuwa, ana akumutsata. Lolemba anakwera minibasi kupita ku Lilongwe kukasindikiza zithunzi. Wosindikiza anayang'ana pakompyuta n'kufunsa ngati akonzeko mitundu.

"Musakhudze," anatero Masautso. "Golide ameneyo ndi wa mamegapikiselo anayi."

Analamula kuti chimodzi achikulitse ngati kalendala. Ndipo chifukwa chofuna kutama ntchito yake, atafika sanapite nacho kwa eni ake. Anachikhoma pakhonde tsiku la msika, kuti dziko lione.

Dziko linaonadi. Diresi la Fanny linali lachikasu. Velo yachikasu. Keke yachikasu. Pakati penipeni panaima a Yesaya, m'suti yachikasu kuyambira kolala mpaka m'miyendo, akumwetulira mano onse pamtunda, dzanja lili m'mwamba ngati ali pamsonkhano. Ikanakhala kamera yakuda ija, mwina akanakana kuti si iwo. Koma apa panalibe pothawira. Chipsera cha pamphumi chinkaoneka, imvi zinkawerengeka, ngakhale dzino lawo lobenthuka linali pompo.

Pofika masana mbiri inali itafika ku Lifuwu kuti a Yesaya alowa chipani china, ndipo alowa ndi banja lonse ndi keke yomwe. Amayi ovala zachikasu anabwera akuimba ndi kululutira. A Yesaya atatuluka m'golosale kuti aone phokosolo, anangozindikira awakoleka nsalu yachikasu paphewa. Anzawo a chipani chawo anaima patsidya pa msewu, manja ali m'chiuno, akupukusa mitu.

"Masautso!" anakuwa a Yesaya, nsaluyo akuikutumula ngati yagwera linthumbu. "Suti yanga inali yamtundu wanji?"

"Yoyera, bwana."

"Nanga iyi?"

"Golide, bwana."

Anthu anafa nazo kuseka, koma Fanny sanaseke. Anayang'ana diresi limene analisunga mumtima kuyambira ali mtsikana, misozi n'kuyamba kutsika. Apo mpamene Masautso anamva manyazi enieni, ofika m'mafupa. Mpando, maluwa ndi nyumba yosanja ija zinaponyedwa pamchenga, ndipo a Yesaya anamuuza kuti asadzapondenso pakhondepo.

Eliza anadikira kuti fumbi litsike. Kenako anamasula kansalu, natulutsa chithunzi chimodzi chaching'ono chimene anajambula mwakachetechete ndi kamera yakuda ija pakhomo la tchalitchi n'kukasindikiza ku Salima. Ndevu sizinkawerengeka. Koma diresi linali loyera, suti yoyera, Fanny ali Fanny. A Yesaya anachinyamula m'mwamba n'kuzungulira nacho msika wonse, benchi ndi benchi, ngati munthu wopambana mlandu.

Khonde lija lilipobe, koma chikwangwani chake tsopano chimati Eliza. Masautso amanyamula chikwama ndi kuuza anthu kuti amwetulire. Kamera yasiliva ili m'kabati, ikunyezimira bwino lomwe. Nthawi zina amaitulutsa kuti aipukute, ndipo Eliza, osatembenuka n'komwe, amangoti, "Abambo, chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere."